Kompyuta ya kunyumba: Windows kapena Linux?



Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti m'kompyuta ya kunyumba muikemo Windows kapena Linux. Yankho langa n'lalifupi: ikanimo imene eni ake akuisamalirabe. Za dzina zibwere pambuyo.

Pulogalamu iliyonse imakhala ndi ziboo zimene akuba a pa intaneti amalowerapo. Chiboo chikadziwika, opanga amatumiza ma update ochitseka. Akaleka kutumiza, chitseko chimangokhala pululu. Microsoft inaleka kusamalira Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo ma update anthawi zonse a Windows 10 anatha pa 14 Okutobala 2025. Musaiwale vairasi ya WannaCry imene mu Meyi 2017 inatseka mafayilo m'maiko ambiri, mpaka kusokoneza zipatala ku Britain. Update yotseka chiboocho inali itatuluka kale mu Malichi, koma ambiri anali asanaiike.

Kwa ife aphunzitsi nkhaniyi si yamasewera. M'kompyutamo muli malikisi a ana, ma scheme a teremu yonse ndi mayeso a Folomu 4 amene sanalembedwe. Fulashi imodzi imayenda kuchokera ku staff room, kupita kosindikizitsa mapepala m'tauni, n'kubwerera kunyumba itanyamula zonse zimene yatola m'njira.

Vuto n'lakuti Windows 11 imafuna kompyuta yokhala ndi kachipangizo ka TPM 2.0, ndipo malaputopu ambiri akaunjika amene timakwanitsa kugula alibe. Apa ena amathamangira Windows yokuba imene anyamata amaika pamsika. Ine ndimaikana, chifukwa simudziwa kuti amene anaithyolayo anabisamo chiyani.

Laputopu yanga ndi yakale, choncho ndinasankha Linux Mint. Ndi yaulere, inamangidwa pa Ubuntu, ndipo Mint 22 izilandira ma update mpaka 2029. Imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Mavairasi a pa fulashi opangidwira Windows sagwiramo ntchito. Koma chenjerani: vairasiyo ikhoza kukhalabe pa fulashipo n'kukalowa m'kompyuta ya mnzanu.

Zovuta zake ziliponso. Mapulinta ena amavuta kulumikiza, matebulo a Word nthawi zina amasuntha, ndipo ma update amadya bando. Ubwino wake mukhoza kuiyesa kaye kuchokera pa fulashi osafufuta kalikonse. Yesani pulinta, Wi-Fi ndi mafayilo anu, kenako muganize bwino.

Ngati ntchito yanu imadalira pulogalamu imene imayenda pa Windows pokha, khalani pa Windows, koma ikhale 11 yeniyeni, ma update ndi Defender zikhale zoyatsa. Ana apatseni akaunti yawoyawo yopanda mphamvu zoika mapulogalamu.

Pomaliza, palibe Windows kapena Linux imene ingakupulumutseni hard disk ikafa, magetsi akazima mwadzidzidzi n'kuwononga fayilo, kapena wakuba akalowa pawindo. Malikisi ndi mayeso muzisunga malo awiri, ndipo Lachisanu lililonse muzikopera pa fulashi ina imene situluka m'nyumba.

Inu ana anga akale amene mumadziwa Linux, kathandizeniko aphunzitsi a kufupi ndi kwanu.