Kagalasi ka Kumbuyo kwa Kamba Wanga

Mwala wa legeni ndiwo unaswa kagalasi ka m'mbali kumbuyo kwa kamba wanga, Volkswagen Beetle yangayi, kaja kosatseguka. Kanangoti phwaa, n'kumwazika pampando ngati mchere wa miyala. Ana amene anauponyawo ankafuna mbalame mumlambe, sindiwada. Chimene chikundidya mumtima n'chakuti ndayenda Monkey Bay yense, mpaka kuboma ku Mangochi, osapeza munthu wodziwa kuika kena monga momwe kanaikidwira kale.

Kanaswekaponso kamodzi, chaka cha 1976. Anandiikira ndi mkulu wina wa kudoko, mmodzi mwa aja amene ali anyamata anaona sitima ya Ilala ikulumikizidwa chidutswa ndi chidutswa pompano, zitsulo zake zitachokera ku Scotland, mpaka kulowa m'madzi mu 1951. Manja ozolowera mawindo a sitima, oti madzi a mwera asapeze polowera, sakanalephera kagalasi ka galimoto. Tinadikira milungu itatu kuti galasi ndi labala yake zibwere kuchokera ku Blantyre, ndipo palibe anadandaula, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikuwaonabe m'maso mwangamu, atakhala pansi pa mtengo, fungo la usipa wapathandala likubwera ndi kamphepo ka kunyanja. Labala ija anayamba aiika m'beseni la madzi ofunda kuti ifewe, kenaka n'kuiveka m'mphepete mwa galasi pang'onopang'ono ndi zala zazikulu, monga mayi amavekera khanda chipewa. Anapala dzimbiri pamlomo wa chitsulo, n'kupukuta ndi kansanza. Atatero anatenga chingwe cha ukonde, chopota bwino, n'kuchilowetsa mumpata wa labala kuzungulira konse, nsonga ziwiri zikupingasana pansi, n'kupaka thovu la sopo wa Sunlight. "Achimwene, inu khalani panja," anatero, "mukanikize ndi chikhatho chonse, osati chibakera. Galasi silimenyedwa, limanyengereredwa." Iwo analowa mkati, akukoka chingwe chija mwakachetechete, ine ndikutsatira ndi dzanja pamene chikudutsa, mlomo wa labala ukukwera pachitsulo pang'ono ndi pang'ono, mpaka pakona yomaliza panamveka kuti thu! Mutu umodzi susenza denga, ngakhale kadenga kake kachepe chotani.

Sanalandire ndalama asanathire ndowa yamadzi pawindopo. Mkati simunagwe dontho. Zaka zonsezi, fumbi la msewu wa ku Chembe, mvula ya mu Januwale, dzuwa la mu Okutobala long'amba nthaka, kagalasi kaja sikanagwederepo.

Lero mnyamata wa pagalaja wandiyang'ana mwachifundo, foni ili kukhutu. "Agogo, zimenezi zinatha. Tingodula pulasitiki, timate ndi guluu." Sindimunena, mwana wa eni. Wakulira pa galimoto za ku Japan zodzera ku Dar es Salaam, zimene magalasi ake amamata, ndipo likasweka amadula ndi waya n'kumatanso lina. Chingwe sanachionepo, wom'phunzitsa anagona kale kumanda. Koma tayang'anani m'misewu mwathu: mawindo otsekedwa ndi makatoni, mapepala a pulasitiki akupupuma ngati mbendera, guluu woyera akuchucha m'mbali ngati mamina a mwana wosasamalidwa. Kale munthu akanachita manyazi kutulutsa ntchito yotere pachipata chake. Amati kuthamanga si kufika, koma ndani akumvanso zimenezo?

Galimoto zimenezi anasiya kuzipanga ku South Africa mu 1979, ndipo yomaliza padziko lonse inatuluka ku Mexico mu 2003. Yangayi yandiperekeza kumaliro a mkazi wanga, yanyamula ana anga onse kuchokera kuchipatala. Sindingaimate guluu. Mdzukulu wanga wa ku Johannesburg walonjeza kutumiza galasi ndi labala, ndipo chingwe ndapota kale, chili m'thumba la jekete. Koma manja angawa ayamba kunjenjemera, sangakoke okha.

Ngati alipo mwana wa kunyanja kuno wofuna kuona mmene zimachitikira, abwere m'mawa dzuwa lisanakwere, ndidzamuimika panja, ine ndidzalowa mkati.