Kambiya ka Agogo

Kwathu ku Mtakataka, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, dzina lakuti "ambuye" lili ndi eni ake atatu: Mulungu, Episkopi, ndi gogo wa munthu. Ife tidayamba kudziwa wachitatuyu, ndipo ndiye adatilozera njira ya kwa woyambayo.

Agogo aNaphiri sadapondemo m'kalasi. Katekisimu adamuloweza pamtima ku Mua, pa mishoni imene idatsegulidwa m'chaka cha 1902, ndipo kumeneko ndiko adayenda pansi Lamulungu lililonse mpaka miyendo idawakana. Adabala ana asanu ndi awiri, naika m'manda anayi. Atatu mwa iwo adapita ndi Edzi, nawasiyira ife adzukulu asanu. Adali a Legio ya Maria, alangizi a anamwali, osasowa pa siwa. Pamene miphakati idayamba, potsata chimene Maepiskopi a chigawo chino cha Afrika adagwirizana mu 1976, Akhristu a m'mudzi mwathu ankasonkhana pakhonde pawo. Zonsezi adazitchula ena pa maliro awo. Ife tili ndi kanthu kena kamene sitidakanene tsiku limenelo.

Kuseri kwa chitseko chawo kunkakhala kambiya kakuda. Nthawi zonse asanathire ufa mumphika, ankatapa dzanja limodzi nathira m'menemo. Ankati ndi ufa wa mlendo. Likafika Loweruka ankaumanga pa kansalu, natuma mmodzi wa ife kukapereka kwa nkhalamba kapena wodwala amene adalibe womuphikira.

Tsono idafika njala ya 2002. Dzinja la 2001 lidakolola pang'ono, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa, ndipo anthu adafika podya gaga ndi zitsa za nthochi. Lenti idayamba pa 13 Febuluwale, koma Bambo Mfumu sadavutike kulalikira za kusala kudya. M'nyumba mwathu moto unkayaka kamodzi pa tsiku, wa kaphala kamadzimadzi. Komabe dzanja lija silidaleke kutapa, ngakhale tinkaliyang'ana ndi maso aukali.

Ufawo unkapita kwa mkulu wina wakhungu, amene adabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambique, natsalira pamene anzake ankabwerera kwawo nkhondoyo itatha mu 1992. Wotumidwa tidali ife, mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi. Pa njirapo padali mlambe. Loweruka loyamba tidabisala kuseri kwake ndi kunyambita pang'ono chabe. Lachiwiri tidabwira theka. Lachitatu tikuchita manyazi kulemba. Mkuluyo ankalandira kansaluko ndi manja awiri, nakayeza m'manja mwake, nathokoza osanena china. Adamwalira mondokwa zitatsala pang'ono kukhwima. Agogo adapereka chitenje chawo cha kutchalitchi kuti amufunditse.

Tidaulula tchimoli m'Sakramenti la Kulapa, ndipo sitikayika kuti tidakhululukidwa. Ku seminale ya Kachebere, ndiponso pambuyo pake ku Zomba, tidaphunzira kusiyanitsa bwino: kuti mwana sayesedwa ndi muyeso wa wamkulu, kuti njala yoopsa imachepetsa mlandu. Nzoona zimenezo, ndipo ife tomwe timaziphunzitsa. Koma kodi zidamudyetsa mkulu uja? Tikamawerenga za mai wamasiye wa ku Zarefati, m'buku loyamba la Mafumu, amene mbiya yake ya ufa sidathe, mtima wathu suthamangira kulalika. Pakuti mbiya ya agogo inkatha Loweruka lililonse, mpaka pansi pake pakuoneka, ndipo mneneri sadafike pakhomo.

Papita zaka zochepa chitiitanireni kuti tikawadzoze mafuta a odwala. Tidawapeza ali gone pamphasa, Kolona ali m'khosi. Pamaso pa anthu ankatitchula "Bambo" chidzozedwere chathu unsembe, ngakhale ndiwo adatisambitsa. Koma onse atatuluka, tidagwada pafupi ndi khutu lawo ndi kuwafotokozera za mlambe uja, wansembe kuulula kwa wodwala.

Adaseka mpaka kutsokomola. "Amuna anga," adatero, monga agogo amaitanira mdzukulu wamwamuna, "mumayesa ndidalibe maso? Munkabwera milomo ili mbuu. Nchifukwa chake ndidayamba kutapa manja awiri, lina la mlendo, lina la wamtengatenga. Mukadatumidwa ndani wina? Anzanu onse miyendo idali itatupa."

Tidafunsa kumene dzanja lachiwirilo linkachokera, popeza phala lathu silidachepe. Sadayankhe. Pamenepo tidakumbuka kuti masiku amenewo ankakonda kunena kuti adya kale, pophika.

"Nanga mkulu uja?" tidatero.

"Ameneyo mudzamufunse nokha mukadzakumana. Tsopano gwirani ntchito imene mwadzera, Bambo."

Adatambasula manja onse awiri, zikhatho zili m'mwamba, ndipo tidazidzoza mafuta.