MLANDU SUOLA, KOMA PEPALA LIMADYEWA NDI CISWE

Akulu akale anati mlandu suola. Mau amenewa ndi oona, koma mai wina wamasiye wa m'cigawo ca Kum'mawa anaphunzira kuti ngakhale mlandu suola, mboni zimafa, anthu amaiwala, ndipo pepala la cigamulo limadyewa ndi ciswe. Cimene cinawapulumutsa maiwo ndi buku la ku khoti, limene iwo sanali kudziwa n'komwe kuti liripo.

Nkhaniyi inayamba amuna ao akali moyo. Bambowo anaikiza ng'ombe zao m'khola la msuweni wao pamene anapita kukagwira nchito ku Migodi. Atabwerako, msuweniyo anakana kuzibweza, nati zinali za malemu atate ake. Mlandu unakanika pabwalo la a nyakwawa, ndipo unakafika ku khoti laling'ono la m'dera la mfumu yao, limene anthu amalicha Local Court. Oweruza atamva mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mboni, anagamula kuti ng'ombe zibwerere kwa mwini wake. Bambowo anakusa ziweto zao tsiku lomwelo, ndipo pepala la cigamulo analikulunga m'kansalu nalitsomeka kudenga la nyumba.

Zaka zinapita. Bambowo anadwala namwalira, nasiya mkazi, ana ndi adzukulu. Mwambo wa kumeta utangotha, msuweni uja anafika m'mamawa, nakhala pampando, napereka moni waulemu.

"Mlamu," iye anatero, "ndadzera ng'ombe zija. Khoti linangombwereka mwamuna wanu kuti azilimira kufikira imfa yake. Tsopano zibwerere kwao."

"Alamu, si mmene ndinamvera ine," anayankha maiwo. "Koma dikirani, pepala liripo."

Anatuma mdzukulu wao kuti akwere kudenga. Mnyamatayo anatsika ndi kansalu kodzala dothi lofiira ndi tizidutswa ta pepala tosawerengeka. A nyakwawa amene anacitira umboni pa mlanduwo anali atamwalira, ndipo mboni yaciwiri inasamukira kutali. Unali mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana. M'kholamo munali ng'ombe ziwiri za pagoli, zimene zimakoka pulao ndi ngolo, ndi yaikazi imodzi ndi thole lake. Kucotsa ziwiri zija kunali kucotsa nkhokwe ya caka camawa. A nyakwawa atsopano anapatsa maiwo masabata awiri kuti abweretse umboni.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Maiwo sanapondepo pasukulu, ndipo khoti anali kuliopa monga malo opitako munthu wogwidwa. Koma mphunzitsi wina wopuma pa nchito anawauza kuti pepala limene munthu amapita nalo kunyumba ndi mthunzi cabe. Mwini mthunziwo amatsala ku khoti. Mlandu uli wonse ukatsegulidwa umalembedwa m'buku lalikulu ndi kupatsidwa nambala yake ndi caka cake. Mau a wodandaula, a woyankha, a mboni ndi cigamulo ca oweruza, zonse zimalembedwa ndi kusungidwa pamodzi.

Makhoti ang'onoang'ono amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1966, kulowa m'malo mwa makhoti a mafumu a m'nthawi ya atsamunda. Ndiwo amaweruza milandu yambiri ya mwambo, monga ya maukwati, ngongole ndi ziweto, ndipo pa milandu yotere munthu amadzilankhulira yekha popanda loya. Cifukwa ca ici, zolembedwa zao ndizo nkhokwe ya mau a anthu wamba.

Lolemba m'mawa mdzukulu anawakweza ambuye ake panjinga. Anafika dzuwa liri pamutu, nadikira pakhonde kufikira kapaso atawalozera kwa kalaliki wa khoti. Kalalikiyo anawalandira bwino, nafunsa mafunso atatu.

"Amai, nambala ya mlandu muli nayo?"

"Inapita ndi ciswe, bambo."

"Nanga caka?"

"Ndi kale ndithu."

"Dzina la wodandaula?"

Apa maiwo anaweramitsa mutu. Pa zaka zonse za ukwati wao sanachulepo dzina la amuna ao pagulu. Anali kuwaitana ndi mfunda wao, kapena ndi dzina la mwana woyamba. Atalimba mtima anachula dzina limene bambowo anali kudziwika nalo m'mudzi. Kalaliki anatsegula mabuku awiri, nayendetsa cala m'mizere. A Phiri, a Banda, a Tembo ndi a Zulu anali oculuka ngati mcenga, koma dzina limene maiwo anachula munalibe.

"Musataye mtima, amai," anatero kalaliki. "Khoti limalemba dzina la pa reji, osati la pamowa kapena la kudimba. Kabwereni ndi reji ya malemu, ndi pepala losonyeza kuti ndinu woyang'anira cuma cao. Ndipo yesani kukumbukira cimene cinacitika m'dziko caka cimeneco."

Anabwerera opanda kanthu, ndipo panjira sanalankhule. Anthu ena a m'mudzi anayamba kunong'onezana kuti mwina msuweni uja akunena zoona. Ngakhale maiwo anayamba kudzikayikira. Kodi anamva bwino tsiku lija, popeza iwo anakhala kumbuyo, mwana ali kumsana?

Madzulo akusenda nsawa, cinthu cina cinawabwerera m'mutu. Anakumbukira kuti pa tsiku la mlandu amuna ao anakangana ndi wogulitsa zitumbuwa kunja kwa khoti, cifukwa ndalama zinali zitangosintha, ndipo zakale ndi zatsopano zinali kuyenda pamodzi. Mdzukulu uja, amene ali ku sekondale, anaomba m'manja. Anaphunzira kuti pa 1 Januwale 2013 dziko la Zambia linacotsa mazilo atatu pa ndalama zake, kotero kuti K1,000 yakale inasanduka K1. Caka cinapezeka.

Reji ya malemu inali m'sutukesi. Pamenepo panali dzina lina, la ubatizo, limene bambowo analembetsa ali mnyamata. Pepala la uyang'aniro wa cuma ca masiye linaliponso, pakuti banja linawasankha maiwo maliro atatha, ndipo khoti linatsimikiza.

Ulendo waciwiri unali wosiyana. Kalaliki anatsegula buku la 2013, ndipo pasanapite nthawi cala cake cinaima. Maina onse awiri anali pamenepo, ndi nambala ya mlandu pambali pake. Anafunsanso ngati msuweniyo anacita apilu. Funsoli linali ndi cifukwa cake. Munthu wosakhutira ndi cigamulo ca khoti laling'ono ali ndi masiku 30 okadandaula ku khoti la majisitileti ku boma, ndipo zikatero zolembedwa za mlandu zimatsata apiluyo, wozifuna nayenera kukazifunsa kumeneko. Pa mlandu uwu panalibe apilu. Mapepala anali m'cipinda cosungiramo, m'mitolo yomangidwa ndi zingwe, ndipo kalaliki anapempha masiku atatu kuti awafunefune.

Maiwo anamasula mfundo ya citenje natulutsa ndalama, nafuna kuipereka mobisa monga cothokozera. Kalaliki anaikankha pang'ono.

"Ai, amai. Mtengo wa kope unaikidwa ndi lamulo, ndipo mukalipira mulandire lisiti la Boma. Ndalama yopanda lisiti musapatse munthu ali yense, ngakhale ine."

Lacinai analandira masamba anai, liri lonse ndi cidindo ca khoti ndi siginecha yotsimikiza kuti ndi kope loona. Cidindo cimeneco ndico cimapatsa pepala mphamvu. Popanda ico, wina angathe kunena kuti mwalemba nokha. Mau anali m'Cingerezi, ndipo mdzukulu anawamasulira pansi pa mtengo kunja kwa khoti. Atafika pa mau a ambuye ake aamuna, mnyamatayo anaima pang'ono. Maiwo anamva malemuwo akufotokoza mtundu wa ng'ombe iri yonse, yakuda yamawanga ndi yofiira yothyoka nyanga, monga ngati akhala pambali pao. Anapukuta misozi ndi nsonga ya citenje, nati, "Pitiriza."

Mnyamata anapitiriza, ndipo pa tsamba lomaliza panali cinthu cimene maiwo sanali kuciyembekeza. Khoti linagamula kuti ng'ombe zonse ndi za bambowo, popanda mau a kubwereka. Koma linagamulanso kuti msuweniyo apatsidwe thole limodzi lalikazi monga malipiro a ubusa wa zaka zimene anazisunga. Thole limenelo silinaperekedwe. Mkwiyo wa tsiku lija unawaiwalitsa bambowo, kapena anaiwala dala.

"Ambuya, tsamba ili tingalisiye," ananong'ona mdzukulu.

"Iai, mwana wanga. Tinapita kukafuna coonadi, sitinapite kukasankha."

Pabwalo la a nyakwawa masamba onse anai anawerengedwa pamaso pa mudzi. Msuweni anamvetsera atagwira cibwano. Atamva za kubweza ng'ombe anayang'ana pansi; atamva za thole anadzutsa mutu.

"Mlamu, ici ndico cinali kundiwawa zaka zonsezi," iye anatero.

"Tengani thole liri m'kholalo, alamu. Ngongole ya malemu ithe lero."

Mvula yoyamba itagwa, ng'ombe ziwiri zija zinali pagoli m'munda wa maiwo.

Inu owerenga, nkhani yotere ingagwere nyumba iri yonse. Wofuna zolembedwa za mlandu ayambire ku khoti limene linaweruza mlanduwo, atatenga maina a pa reji a mbali zonse ziwiri, caka, ndi nambala ngati iripo. Akhale wokonzeka kufotokoza cifukwa cake, makamaka ngati mlanduwo sunali wake. Milandu yambiri imaweruzidwa poyera, koma ina, monga ya ana, lamulo limaiteteza, ndipo mapepala ake sapatsidwa kwa munthu wamba. Mapepala akale kwambiri a Boma amasungidwa ndi a National Archives of Zambia, amene likulu lao liri mu Lusaka, ndipo kalaliki angathe kunena ngati mtolo unasamutsidwa. M'mwezi wa Disembala 2023 dziko linalandiranso lamulo lopatsa nzika mphamvu yopempha nkhani zosungidwa m'maofesi a Boma. Koma lamulo silithandiza munthu woopa kugogoda pacitseko. Safunsa anadya phula.

Lero mai uja sasunganso mapepala kudenga. Kope lija liri m'citini ca civundikiro colimba, pamodzi ndi lisiti lake. Nambala ya mlandu mdzukulu anailemba m'malo awiri, kucikuto ca buku la nyimbo ndi m'kope lake la kusukulu, kuti ciswe cikadya kwina, kwina kutsale.