Kambulu Kondigonetsa Kanandimanga

Adokotala atandiuza kuti mitsempha yopereka magazi kumtima wanga yaphinjika ndi mafuta, anandipatsa asipirini, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi ndi kambulu koika kunsi kwa lilime chifuwa chikathina. Za mantha palibe anafunsa. Nanga mwamuna wamkulu ayambe bwanji kunena kuti akuopa kugona poganiza kuti sadzuka?

Usiku zala zanga sizinkachoka pamtsempha wa pakhosi, ndili kalikiliki kuwerenga kugunda kwa mtima. Mnzanga wina anandigawira diazepam, uja ambiri amati Valium. Ndikangomeza, posakhalitsa thupi linkamasuka, tulo n'kubwera. Komatu mankhwalawa ndi a nthawi yochepa, masabata 2 kapena 4 basi, chifukwa ubongo umawazolowera msanga. Ine ndinakhala nawo miyezi. Kambulu kamodzi kanasiya kugwira, ndinafika pa tiwiri.

Mankhwalawo atatha, manja ananjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga. Ndinati basi, imfa ija yafika. Mayi akunyumba anandigwira mkono: "Abambo, tiyeni kuchipatala. Mukaulule zonse, apo ayi ndikaulula ndine."

Kuchipatalako, makina oyeza mtima a ECG sanasonyeze chachilendo. Chimene chinandigwedeza si mtima koma kusiya diazepam mwadzidzidzi, komwe ena kumawagwetsa ngati a khunyu. Adokotala anandibwezera pa mankhwalawo n'kumachepetsa mlingo pang'onopang'ono. Kenako anandiyambitsa mankhwala a nkhawa otchedwa sertraline. Anati ena otchedwa amitriptyline, ngakhale amapezeka mosavuta, amasokoneza kagundidwe ka mtima wodwala. Anandichenjezanso kuti sertraline akakumana ndi asipirini magazi saundana msanga, choncho ndikaona chimbudzi chakuda kapena magazi m'nkhama ndibwerere mofulumira.

Masabata oyamba anali owawa. Sertraline sagwira lero ndi lero, ndipo dzanja linkafunafuna kambulu kakale kaja. Chinandithandiza ndi kuyenda pansi m'mawa monga adokotala anandiuzira, ndi kutchula mantha anga pamaso pa mkazi wanga.

Inu amene mukudwala mtima, nkhawa ndi nthenda, ndipo ili ndi mankhwala ake. Itchuleni kwa yemwe akukuonani za mtimayo kuti asankhe ogwirizana ndi omwe mukumwa kale. Ndipo chifuwa chikathina, ululu n'kupita kumkono kapena kunsagwada, musati ndi mantha chabe. Kambulu kakunsi kwa lilime kakalephera, thamangirani kuchipatala.