Mangochi yake iti?

Mawebusayiti ena a nkhani amaika dzina la malo pansi pa mutu. Ukadina "Mangochi", zimabwera za Mangochi zokhazokha, bundle osathera pa mikangano ya ku Nyumba ya Malamulo. Nzeru yabwino ndithu. Koma ine dzinalo limandikulira.

Bomali ndi lalikulu, abale. Makanjira ili kutsidya, pafupi ndi Mozambique. Namwera ili kumapiri, Monkey Bay ndi Chembe zili kwa Nankumba, ndipo Malombe ndi nyanja inanso payokha. Mu 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, mawu oti "ku Mangochi" sanandithandize. Ndili ku Lilongwe, ndinkafuna kudziwa gombe lake, chifukwa mayi anga amayanika usipa pafupi ndi madzi. Achimwene ku Joni ankafunsa ine, ine ndilibe yankho.

Kwathu timati kwa Mponda, kwa Chimwala, kwa Jalasi. Mainawa amapezeka kale kumapeto kwa nkhani zambiri, kungoti amanena kochokera munthu, osati kumene zachitikira. Ine ndikufuna batani la kumene zachitikira, lofika mpaka pa doko.