Mphamvu ya Mpaipi Iri pa Mazinga

Anthu akakamba za mkuwa wa ku Luanshya, atama William Collier amene anapeza miyala yace m'caka ca 1902. Koma ine, pokhala ndagwira nchito ya makina obowola zaka zambiri, ndiganizira cinthu cimene sacichula: mipaipi yacitsulo imene itsika pansi kukatenga mwala woonetsa pamene pali cuma.

Mpaipi umodzi utalika mamita 3. Pobowola dzenje la mamita 600 tilumikiza mipaipi 200, ndipo yonseyo igwirana pa mazinga ace okha. Mazinga a umodzi akadyeka ndi mcenga kapena dzimbiri, mpaipi uduka, yonse ya kunsi nitsala m'dzenje. Masabata atha anthu ali kuiwedza, ndipo nthawi zina dzenjelo lingosiyidwa.

Cifukwa cace sitigoneka mipaipi padothi. Tiiyala pa mitanda ndi kuipinga kuti isagubuduke; titsuka mazinga ndi kuwadzoza girizi, ndipo wopindika tiupatula. Ponyamula, awiri agwira uku ndi uku, ndipo palibe wokhudza mpaipi uli kuzungulira. Ndaona amuna amphamvu amene anataya zala cifukwa ca liwuma, naleka nchito ana ao akali ang'ono.

Mnyamata watsopano ayesa nchito imeneyi yonyozeka, nafuna msanga kuyendetsa makina. Koma akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ine sindimpatsa makina kufikira nditaona m'mene agonekera mipaipi madzulo, atatopa, kapitao kulibe.