Mbandakucha wa Julayi ku Kalingalinga

Aliyense amene anagonapo mu Lusaka mwezi wa Juni kapena Julayi adziwa kuti mzinda uno uli ndi chisanu chake. Tili pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mbandakucha kuzizira kumafika pansi pa madigiri 10. Mphepo yake imalowa m'mafupa, ndipo ndinadzionera ndekha mu Julayi 2023 kuti imalowanso m'zitsulo. Ndinali nditagona kwa alamu anga ku Kalingalinga.

Kwa inu owerenga akutali, Kalingalinga ndi komboni yakale kum'mawa kwa mzinda, pakati pa Yunivesite ya Zambia ndi Mtendere. M'mbali mwake mudutsa msewu wa Alick Nkhata, wotchedwa dzina la woimba ndi muulutsi wa pawailesi uja amene anamwalira mu 1978. Ukayenda mumsewuwo masana, makutu amagontha ndi nyundo. Owotcherera zitsulo aimika mageti ndi mafelemu a zitseko, akalipentala ayala mipando ndi mabedi, amayi aunjika miyala yoswa ndi manja. Katundu yense ameneyu afuna chomunyamula, ndipo apa ndi pamene galimoto ya alamu anga imadyera.

Galimotoyo ndi Toyota Corolla ya m'zaka za m'ma 1990, ya mtundu uja wotchedwa siteshoni wagoni: denga lake lifika mpaka kumbuyo, kuli chitseko chachisanu, ndipo ukapinda mpando wakumbuyo mumalowa bedi lomasula kapena matumba a makala. Utoto wake unasuluka kalekale. Komabe tsiku lililonse imapita ku msika wa Soweto kukatenga tomato ndi kabichi za amayi ogulitsa, imasiya ana kusukulu, ndipo pa maliro ndiyo imanyamula nkhuni ndi miphika.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikumbukira mkulu wake wa magalimoto otere, Peugeot 504. Inatuluka ku France mu 1968, ndipo ya mtundu wautali wotchedwa Familiale inali ndi mizere itatu ya mipando. Inakondedwa mu Africa chifukwa inkapirira misewu yokumbika, mwakuti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka kupyola chaka cha 2000, Azungu atailekeratu. Kuno kwathu zinthu zinatembenuka boma litasintha mu 1991 ndi kutsegula malonda. Kampani ya mabasi ya UBZ inatha mu 1995, ndipo magalimoto ogwirako kale ntchito ku Japan anayamba kusefukira, ambiri kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Nakonde. Ya alamu anga inabwera m'khamu limenelo.

Usiku umene ndinagona kumeneko, nthawi ili cha m'ma 4 koloko, kunamveka kugogoda pazenera. Anali mnyamata wa nyumba yoyandikana. "Atate, pepani kukudzutsani. Akazi anga matenda ayamba." Alamu anavala jekete pamwamba pa zogonera, amayi awiri anamugwiriza mtsikanayo mpaka pampando wakumbuyo, ndipo ine ndinanyamula beseni ndi chikwama. Alamu anapotoza kiyi. Injini inangobuula kawiri, kenaka zii. Anayesanso, koma magetsi a patsogolo anachita ngati kandulo yotha.

Sindinaonepo munthu wamkulu akuchita manyazi ngati tsiku limenelo. "Alamu," anandinong'oneza, "batire ili ndalidziwa kuyambira Meyi kuti latha. Ndinkati ndigula mwezi ukatha." Koma mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mnyamata uja anathamanga kukagogoda zitseko zitatu, ndipo posachedwa panali amuna asanu, ena atafunda mabulangete. Alamu anaika giya yachiwiri, naponda kalachi. Tinakankha mpaka pamene njira iyamba kutsetsereka, iwo nasiya kalachi mwadzidzidzi. Galimoto inadzuma, inatsokomola, kenaka inalira. Mwana anabadwa kuchipatala dzuwa lisanakwere, wamkazi, wathanzi.

Tsiku lomwelo masana tinapita kwa makaniko wina wogwirira ntchito pansi pa mtengo, ndipo zimene anatiuza ndazisunga kuti ndikugawireni. Anati kukazizira batire limapereka mphamvu yochepa, pamene oyilo amalimba ndipo injini imalemera kuizunguza. Batire lokalamba limene linkanamizira m'chilimwe limaululika mu Juni. Choncho woyendetsa wanzeru amaliyesetsa mwezi wa Meyi, natsuka mitu yake ikachita zoyera ngati ufa. Anatichenjezanso kuti mwayi wathu unali wakuti galimotoyo ndi ya giya ya pamanja. Ma Fielder ndi ma Probox ambiri amene adzaza misewu ya Lusaka amasintha giya okha, ndipo amenewo ngakhale mudzi wonse ukankhe sangalire. Afuna mawaya olumikiza ku batire la galimoto ina, ndiye mawayawo azikhala m'galimoto nthawi zonse.

Anadandaulanso ndi chizolowezi cha ena chochotsa thermostat, kachipangizo kamene kamatsekereza madzi mpaka injini itafunda, poganiza kuti dziko lathu n'lotentha. Injini yotero imayenda yozizira m'mawa wonse, imamwa petulo wambiri ndi kutha msanga. Za madzi a mu radiyeta anati a m'zitsime za Lusaka ali ndi laimu wambiri, pakuti mzinda unamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo amasiya makoko m'timipope monga amachitira mu ketulo. Mankhwala osakaniza ndi madziwo amaletsa dzimbiri ngakhale kwathu madzi saundana. Mawu ake otsiriza anali a moyo: musalize injini m'nyumba yotseka poti ifunde, ndipo musalowetse mbaula m'galimoto, chifukwa mpweya wa zonse ziwirizi umapha mwakachetechete, wopanda fungo lokudzutsani.

Pobwerera madzulo, batire latsopano lili m'malo mwake, alamu anandiuza kuti ana awo amawaseka nawauza agulitse chiphapha chimenechi. Iwo akana. Alibe nacho ngongole, zipangizo zake zipezeka paliponse, ndipo makaniko aliyense wa m'komboni achidziwa kunja ndi m'kati. Ine ndinawavomereza, koma ndinawonjeza kuti ukalamba wa galimoto si chowiringula. Mabuleki, matayala ndi magetsi ziyenera kukhala bwino tsiku lililonse, osati pokhapokha poyandikira kukayesetsa kwa a RTSA. Kulongeza anthu ngati matumba a chimanga nakonso n'kuseweretsa miyoyo ya eni. Tsoka silinunkha.

M'komboni ngati Kalingalinga, mwini galimoto ali ndi mapepala okha, koma galimotoyo ndi ya onse amene adzagogoda pazenera lake usiku. Amene ali nayo aisamale podziwa zimenezo, ndipo amene alibe asanyinyirike akadzutsidwa kuti akakankhe. Ndinapitanso kumeneko mu Juni 2024. Ndinapeza kamtsikana kaja kakukwawa pakhonde, ndipo alamu anga anali atatsegula boneti, akupukuta mitu ya batire ndi kansanza.